Gwape sakhala pa chingwe

Tsiku lachitatu chingwe chinali chitadya khosi. Kagwape kanagona pafupi ndi chikhomo, lilime lili panja, ubweya wa m'khosi utasupuka. Ndinakamasula. Kanadzuka n'kukaima kumbuyo kwa mwana wanga.

Mwanayo ndi wamkazi, wachiwiri kubadwa. Nthawi imeneyo anali Sitandade 3.

Kagwapeko ndinakatola ine, m'chilimwe, ndikuchokera ku msika wa Lirangwe pa njinga. Osaka mbewa anali atatentha tchire, agalu awo atagwira make. Kamwanako anakasiya pa lupsa poti kanalibe mnofu. Ndinakaponya m'thumba. Maganizo anga anali akuti kakakula tidzadye. Sindinabisire munthu.

Mwana uja anakatenga ngati kake. Ankakama mbuzi yathu m'mawa n'kumakayamwitsa ndi kabotolo ka mankhwala, ataboola chitsekerero ndi msomali. Kanakula. Chilimwe chonse kankayenda ndi mbuzi, poti nyengo imeneyo kwathu ku Chileka ziweto zimangodziyendera, m'minda mulibe kanthu. Ndege ikamatera mbuzi sizinkadzutsa n'komwe mutu, koma iko kankathawira m'miyendo mwa mwanayo. Akamaweruka kusukulu kankamuchingamira pa mjigo.

Mvula inagwa, anthu anadzala. Mbewu zikamera, mbuzi iliyonse imakhala pa chingwe mpaka kukolola. Satsutsa munthu. Ndinamanga mbuzi zanga zinayi, kagwape ndinakasiya.

Sabata isanathe anabwera aneba athu, mkulu wa mpingo, atanyamula khobwe wodyedwa nsonga.

"Achimwene, mbuzi yanu yopanda ndevu ija yayamba kundikololera."

"Si mbuzi."

"Khobwe wanga sakudziwa zimenezo. Kamangeni. Apo ayi, mchere ndibweretsa ndine."

Anaseka. Koma agalu anali nawo atatu.

Ndiye ndinakamanga. Mbuzi ukaimanga imalira tsiku limodzi, kenako imayamba kudya. Gwape ayi. Kankathamanga mpaka chingwe kukagwetsa chagada, n'kudzuka, n'kuthamanganso. Msipu sikanakhudze, madzi omwe.

Nditakamasula tsiku lachitatu lija, ndinamuuza mwanayo zoona. Pa chingwe kafa. Tikakasiya, agalu a aneba akagwira. Kwatsala mpeni kapena kuphiri.

"Ndizikayang'anira ndekha, ababa."

"Nanga sukulu?"

Lolemba sanapite, Lachiwiri sanapitenso. Ankakhala nako kudambo kuyambira m'mawa, mvula ikumuvumba, akutsuka bala la m'khosi ndi madzi amchere. Amayi ake ankati ndimukwapule. Ndinati musiyeni. Lachitatu anasinza pansi pa mtengo, kagwape kanalowa m'munda wa anthu ena n'kudya chimanga mizere iwiri. Anabwera yekha kudzandiuza.

"Kuphiri," anatero.

Loweruka tinanyamuka. Kagwape tinakamanga miyendo ndi nsanza n'kukaika m'dengu pa kaliyala, mwanayo anakhala pa felemu. Tinadutsa Lirangwe. Pa sitolo ina munthu wowotcha kanyenya anasuzumira m'dengumo.

"Madala, katundu ameneyo musapite naye patali, mbaula yayaka kale!"

Mwanayo anavundikira dengu ndi chitenje. Ndinapalasa.

Kumene msewu unathera tinayenda pansi, ine ndikukankha njinga, mpaka kupitirira minda yomaliza. Mitengo inali yochepa, yambiri anaotcha makala. Koma tchire linalipo, ndi kamtsinje. Ndinatsitsa dengu. Iye anamasula nsanza.

Kanaima, kananunkhiza udzu, kanadya tsamba limodzi. Ife tinatembenuka. Titayenda pang'ono ndinamva timapazi kumbuyo. Kanali pa chidendene pake.

Tinabwerera nako. Tinakasiyanso. Kanatitsatanso. Kachitatu mwanayo anabisala kuseri kwa chulu, iko kanamupeza n'kuyamba kumunyambita bondo. Anaseka, akuyang'ana ine, ngati kuti mwina nkhani yatha, tibwerera tonse.

"Kazolowera anthu," ndinatero. "Munthu woyamba kubwera kuno ndi agalu, kadzamuthamangira chimodzimodzi."

"Ndiye titani?"

"Kaziopa munthu. Ine sikandilabadira. Woti akaopseze ndi iweyo."

Anamva. Kenako anawomba m'manja, akukuwa, "Choka! Pita!" Kagwape kanadumpha n'kubwereranso, kakuyesa masewera. Anatola chibuma, anaponya pambali dala. Kanapita kukanunkhiza pamene chibumacho chinagwera.

Ndinamusiya. Sinali ntchito yanga.

Anatola mwala. Dzanja lake linali labwino, ankagenda mango kuposa mlongo wake. Unakamenya pa nthiti. Kanalira kamodzi, kulira kumene sindinakamvepo, n'kuima patali kakumuyang'ana. Anatola wina, anakathamangira akukuwa. Apo kanathawa ndithu, kakuthamanga mokhotakhota, mpaka udzu unatsekeka.

Tinadikira. Sikanabwere.

Mwanayo anapukuta manja pa diresi. Sanalire. Anatola dengu lopanda kanthu n'kulimangirira yekha pa kaliyala, mfundo zitatu, zolimba kuposa mmene zinkafunikira.

Pobwera paja, m'mbali mwa kamtsinje, ndinali nditaona misampha iwiri ya waya. Ndinaizula iye asakuona. Sindikudziwa kuti inalipo ingati ina.

"Ababa, kakhala moyo?"

Ndinagwira njinga, ndinaitembenuza, tinayamba kutsetsereka.