Kumene Tinawaika Amalume

Amalume anali mwamuna yekhayo m'bere la amayi anga. Kwathu ku Mwadzama mwana akasowa pogwira amayang'ana kwa amalume ake, ndipo ine, amene bambo sindikuwadziwa, ndinkayang'ana kwa iwo. Koma iwo anakakwatira chikamwini ku Liwaladzi, anabereka ana atatu, mtima wawo wonse n'kuthera komweko.

Ndinakakhalako tchuthi chimodzi ndili sitandade sikisi. Ndinaona munthu wamkulu, wandevu, akuchapa mayunifolomu a ana ake kunyanja, asodzi anzake akumukuwiza kuti, "Akulu, anakudyetsani khuzumule eti?" Iwo ankangoseka n'kumapitiriza kufikisa kolala. Pa chakudya ankachotsa minga ya chambo umodziumodzi, n'kuika mnofu m'mbale ya kamtsikana kawo komaliza. Ine ankandipatsa mutu wansomba n'kunena kuti, "Idya mphwanga, ukule." Sanandikalipirepo ngakhale kamodzi. Bola akanandikalipira. Mwana wawo woyamba, msuweni wanga amene tinabadwa chaka chimodzi, ankakalipiridwa mpaka kulira akalakwa masamu, ine ndili pambali kusirira.

Nditasiya sukulu mu fomu thuu, amalume anangotumiza mawu kudzera kwa mayi wina wogulitsa usipa akuti ndiganize bwino. Basi. Msuweni wangayo atangotsika pa mayeso a temu imodzi, amalume anapalasa njinga padzuwa kukaonana ndi aphunzitsi ake.

Kenako inabwera khansa ya pammero. Poyamba ankati mpunga ukuwatsamwa. Anasiya mpunga, anasiya chinangwa, n'kutsala pa phala lamadzimadzi. Anapita nawo ku chipatala ku Lilongwe maulendo angapo, pomaliza madokotala anati akapume kunyumba. Aliyense anamva tanthauzo lake.

Amayi ndi akulu awo, amene timawatcha amayi aakulu, anandituma. "Pita ukawatenge. Munthu safera kwa eni abale ake alipo."

Ndinawapeza pakhonde masana, ataonda mpaka malaya kulendewera ngati ali pachingwe. Pambali panali kachitini kolavuliramo, poti ngakhale malovu sankadutsa. Ndipo munthu ameneyo anali ndi singano m'manja, akusoka chikwama cha sukulu cha kamtsikana kaja. Zinandinyansa.

"Amayi akuti tizipita kwathu," ndinatero.

"Khala pansi kaye, iwe. Wayamba liti kuyankhula ndi akuluakulu uli chiimire?"

Ndinakhala.

"Kwathu sindipita. Ana awa akamachoka kusukulu azipeza ndani pano?"

"Nanga ine ndinkapeza ndani?"

Anaika singano pansi. Ndinadikira. Ndinkafuna mawu amodzi okha, ngakhale onama, akuti ndinakulakwira mphwanga. Anatsokomola nthawi yaitali, analavula m'kachitini, n'kupukuta pakamwa.

"Uli ndi ukali wa mayi ako," anatero. "N'chifukwa chake ndikufuna iweyo. Tamvera. Ndikapita, mundiike konkuno, kumene ana anga akulire. Mkazi wanga ndamuuza, koma mayi ako ndi akulu ake adzati akudzikonda. Mawu a mkazi pa maliro a mwamuna wake salemera. Pafunika wa magazi anga. Iwe suopa munthu. Udzanene."

Zaka zonsezo sanandiitanepo pambali kuti tiyankhule awiriwiri. Tsiku lokhalo limene anatero, nkhani inali ya ana awo. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Akazi awo anali pakhomo la khitchini akupeta mpunga, ndipo anaona.

Patapita milungu ingapo amalume anatisiya.

M'mawa mwake ku Liwaladzi mbali ziwiri, ife ndi abale a akazi awo, zinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kutali pang'ono ndi amayi a kumpingo amene ankaimba pasiwa. Amayi aakulu sanazungulire.

"Tabwera kudzatenga mwana wathu. Munatibwereka ali moyo, mwamugwiritsa ntchito zaka zonsezi. Akagone pafupi ndi mayi ake."

Amfedwa, akazi a amalume, anayankha motsitsa, mawu atasasa. "Alamu, eniake ananena kuti aikidwe kuno."

"Ananena kwa yani? Kwa inu? Nanga mukanati chiyani?"

"Mwana wanuyu analipo. Anamuuza ine ndikuona. Mufunseni."

Onse anatembenukira kwa ine. Msuweni wanga anali atakhala pafupi ndi mayi ake, atavala jekete la bambo ake, lomukwana bwino m'mapewa. Ankalira mosabisa, ndipo amuna awiri anali atamugwira uku ndi uku. Ine chifikireni panalibe amene anandigwira ngakhale dzanja. Anangondionetsa pamene panali nkhwangwa kuti ndikawaze nkhuni. Ndinaganiza kuti uyu wadya zonse: njinga, mnofu, kukalipiridwa, jekete. Atengenso ndi mtembo?

"Anakuuza chiyani, iwe?" anafunsa amayi aakulu.

"Palibe. Tinangocheza za mvula."

Amfedwa sanakuwe. Anandiyang'ana, n'kukokera chitenje kumaso. Msuweni wanga anatsegula pakamwa, koma mkulu wina wa kwawo anamugwira bondo kuti akhale chete. Nkhani inathera pomwepo. Masana bokosi linakwezedwa pa lole, tinalowa mumsewu waukulu kulunjika kum'mwera. Ndinakhala kumutu kwa bokosilo njira yonse, dzanja langa lili pamwamba pake, ndipo sindikana, ndinamva kukoma. Kwa maola amenewo amalume anali athu.

Sizinakhalitse. Kwathu komwe, pabwalo pa amayi anga, anthu ankadutsa ine n'kukagwada pamaso pa ana atatu aja. "Pepani ana inu. Bambo anu anali munthu." Abusa analalikira za mwamuna wokonda banja lake, ndipo m'banja limenelo ine sanandiwerengemo. Titabwera kumanda ananditumiza kukabweza mabenchi kutchalitchi.

Ana aja anabwerera kwawo pa minibasi tsiku lachitatu. Msuweni wanga sanatsanzike. Chichokereni sanapondenso m'mudzi mwathu, ndipo ine ku Liwaladzi sindipita, ngakhale usipa utagwa wochuluka bwanji.

Ndinkaganiza kuti amayi sakudziwa. Tsiku lina tikuwokera mpunga kudambo, madzi ali m'mawondo, anayankhula osadzutsa mutu.

"Mlongo wanga uja sakanachoka osanena za ana ake. Anakuuza, eti?"

"Anandiuza."

Anabaya mbande zitatu m'matope, imodziimodzi.

"Ndiye wamuika munthu kumene anakana."

"Munkamufuna ndinu."

"Ndinkamufuna," anatero amayi. "Koma sindinakutume kuti uname."

Tinamaliza ndime imeneyo. Sindinapepese kwa wina aliyense mpaka lero. Ndikamapita kudambo ndimalambalala njira yodutsa m'mbali mwa manda, ngakhale kuti inayo ndi yotalika ndipo ili ndi minga.