Guluu Wolakwika pa Sipika ya a Yohana

Ntchito yokonza masipika sindinachite kuifunafuna. Mwamuna wanga atamwalira ndinabwerera kwathu ku Khuyu ndi ana awiri, ndipo chomwe ndinkadalira chinali kuyanika usipa wa eni ake pathandala. Amalume anga a Barnaba, achimwene awo a mayi, anali ndi kachipinda kokonzeramo mawailesi ku Chipyela. Luso limeneli anabwera nalo kuchokera ku Bulawayo, kumene anathera unyamata wawo wonse. Maso awo ankaona bwinobwino, koma manja anali atayamba kunjenjemera. Tsiku lina anandipeza ndikusoka yunifolomu ya mwana, n'kuima kumayang'ana mmene ndinkalowetsera ulusi pasingano.

"Agnesi, zala zakozo ndikuzifuna," anatero. "Ubwere kushopu. Usipa udzapeza wina wouyanika."

Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga yoyamba yolembedwa.

Pachilumba pano masipika amafa msanga. Chinyezi chimafewetsa pepala, mphemvu zimadya, ndipo anyamata a zoimbaimba amakweza mawu mpaka kuwotcha. Amalume anandiphunzitsa kumasula sipika m'bokosi mwake n'kuigoneka chagada patebulo. Pali koni, chipepala chakuda chooneka ngati mbale, chomwe chimakankha mpweya. M'mphepete mwa koni muli mkombero wa nsalu yopindapinda, kapena wa siponji, womwe umailumikiza kuchitsulo. Pansi pake pali koyilo, kawaya kowonda ngati tsitsi kokulungidwa pakapaipi, kamene kamalowa n'kutuluka mumpata wa maginito. Mpatawo ndi wopapatiza kwambiri moti mukalowa kamchenga kamodzi kamamveka. Tisanamate chilichonse tinkayamba tatsendera timizere ta filimu yakale ya ekiselo ya kuchipatala mozungulira koyilo kuti ikhale pakati, ndipo tikamaliza tinkagunditsa batire la tochi kumawaya kuti tione ngati koni ikudumpha popanda kukhula.

Koma chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi wowononga pantchitoyi ndi guluu. Guluu woyera wa akalipentala, wothira madzi pang'ono, ndiye wa pepala long'ambika: umapaka ndi kaburashi, n'kuyalapo kapepala kopyapyala mbali zonse ziwiri, n'kudikira mpaka mawa. Guluu wosakaniza machubu awiri ndi wa pakhosi pamene koyilo imakumana ndi koni, chifukwa pamenepo pamatentha. Guluu wa nsapato amagwira bwino nsalu kuchitsulo, koma ukamupaka pasiponji amaisungunula. Ndiye panali wina wakuda wa m'kachitini, yemwe amalume ankachita kuitanitsa kumtunda. Ameneyu akauma amakhalabe ngati labala, ndipo ndiye wolumikizira mkombero kukoni, malo amene sapuma sipika ikamalira. Supa guluu m'shopu mwathu munalibe. Nditafunsa chifukwa chake, amalume anangoti, "Ameneyo ndi wa makapu osweka. Kapu sivina, sipika imavina."

Nditagwira ntchito miyezi ingapo, amalume anakwera sitima kupita kuchipatala cha kumtunda kukaonetsa manja awo. Anati pobwera adzagula guluu wakuda uja, poti kachitini kathu kanali katauma. Mphepo ya mwera inawomba panyanja, ulendo wobwerera unachedwa, shopu inatsala m'manja mwanga.

Lachisanu m'mawa kunabwera a Yohana a ku Mbungo, nkhalamba imene inagwirapo ntchito ku Joni, pamodzi ndi anyamata awiri atanyamula chibokosi cha sipika pamtengo. Sipika imeneyo aliyense wa kumeneko ankaidziwa. Anabwera nayo pa ulendo wawo wotsiriza wochokera ku Joni, ndipo paukwati, pamaliro, pamsonkhano wa amayi a mpingo, ankaibwereketsa ulere. Anthu ankaitchula kuti Nkhunzi chifukwa cha mawu ake apansi. Mawa lake unali ukwati wa mdzukulu wawo wamkazi, mwana amene anamulera okha.

"Muli uli, mayi? A Barnaba ali kuti?"

Ndinawauza kuti sanabwere. Anakhala pabenchi n'kuvula chipewa. Nditatsegula bokosilo ndinapeza kuti mphemvu zinadya guluu wakale, nsalu ya mkombero inali itamatuka kukoni pafupifupi theka, ndipo koni inali ndi mng'alu wotalika ngati chala.

Ndinadziwa pomwepo kuti ntchitoyo sinali yofulumira, komanso kuti guluu wake ndinalibe. Mawu oti ndiwauze anali atafika kale pakamwa. Koma mmodzi mwa anyamata aja, Fanuwelo, yemwe ndiye ankayenera kudzayendetsa zoimbira paukwatipo, anaseka n'kunena kuti, "Agogo, tiyeni tizipita. Mwini ntchito kulibe. Awa ndi osesa m'shopu."

Pakhomo panali anthu odikira kutchajitsa mafoni, ndipo anaseka nawo.

"Bambo, isiyeni," ndinatero. "Mawa m'mawa mutumize anyamata adzatenge."

A Yohana anandiyang'ana kanthawi, kenaka anavala chipewa chawo. "Yewo, mwanangu. Ndakusiyira."

Atangochoka ndinapita kugolosale n'kugula machubu a supa guluu. Zimene amalume ananena ndinkazikumbukira, koma ndinadziuza kuti kamodzi kokha sikangawononge kanthu. Filimu ndinaika bwino, koyilo inakhala pakati. Ndinathira guluuyo m'mphepete monse ndi pamng'alu paja. Pepala lakalelo linamwa guluu n'kusintha mtundu, ndipo kafungo kolasa m'maso kanakwera. Posakhalitsa zonse zinali gwa. Ndi batire, koni inadumpha. Ndi kawailesi ka m'shopu, inaimba bwino, motsitsa. Nditagogoda m'mphepete ndi chikhadabo, inalira ngati chigoba cha nkhono. Kaliridwe kameneko sindinakakonde, koma ndinatseka bokosi.

Anyamata pobwera kudzaitenga anandiuza kuti agogo akuti nanenso ndikakhale nawo paukwati. Ndinayenda wapansi kupita ku Mbungo nditavala chitenje changa cha kutchalitchi. Mwambo wa m'tchalitchi utatha, anthu anasonkhana pabwalo la a Yohana, pansi pa mlambe. Jenereta inalira, Fanuwelo anayamba ndi nyimbo za kwaya, ndipo Nkhunzi inamveka monga kale. A Yohana anandiitana n'kundikhazika pampando pakati pa achibale, akuuza aliyense wodutsa kuti, "Uyu ndiye dokotala wake." Amayi ena amene sindinkawadziwa anabwera kudzandigwira chanza. Mpunga wa tsiku limenelo ndinaudya monyada.

Itakwana nthawi yoti akwati alowe movina, Fanuwelo anakweza mawu. Ng'oma za m'nyimbomo zinagunda, mkwatibwi anaponya phazi, ndiye panamveka kuti phwee, ngati munthu wang'amba nsalu. Kenaka sipika inayamba kulira ngati bakha wogwidwa pakhosi. Ana anaseka. Operekeza akwati anaima pakati pa gule, kumayang'anana. Fanuwelo anatsitsa, anakwezanso, zinangoipiraipira. Anachotsa chotchinga cha kutsogolo kwa bokosi, anthu n'kuunjikana. Koni inali itang'ambika mozungulira, ndendende pamene pepala louma ndi guluu linakumana ndi pepala lofewa, ndipo inangokhala lende.

Fanuwelo anapala m'mphepete n'kutola kachidutswa konyezimira. Maikolofoni inali idakali m'manja mwake, yolumikizidwa kukasipika kena kakang'ono.

"Supa guluu!" anakuwa, mudzi wonse ukumva. "Adokotala athu amata Nkhunzi ndi supa guluu!"

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndinali pampando wa achibale, pamalo oonekera, mbale idakali pamwendo. Ndinasowa poyang'ana. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'ona mokweza kuti ntchito zina n'zosiyira eni ake.

A Yohana anadzuka pang'onopang'ono n'kukalanda maikolofoni ija.

"Mwana iwe, khala chete," anatero. "Chinthu ichi n'chokalamba ngati mwini wake. Nthawi yake yangokwana, musanamizire munthu. Amayi, kodi ng'oma m'mudzi muno zinatha?"

Amayi anathamangira kukatenga ng'oma za gule wa chioda, ena anayamba kuomba m'manja, ndipo akwati analowa. Alipo amene amanena mpaka lero kuti ukwatiwo unakoma kwambiri chifukwa cha ng'omazo. Ine zimenezo sizinanditonthoze. Fanuwelo ananena zoona mwamwano, a Yohana ananena bodza pofuna kundiveka, ndipo bodza lawolo ndi limene linandipweteka koposa. Ndinawaona akuphimba bokosi lija ndi nsalu ya patebulo, n'kulisisita pamwamba asanabwerere kumpando wawo. Mkwatibwi anandiyang'ana kamodzi kokha podutsa. Ndinachoka osatsanzika, kudzera kuseri kwa nyumba.

Amalume pamene ankatsika sitima, nkhani inali itawapeza kale. Sanakalipe. Anatumiza anyamata kukatenga sipikayo, anaiika patebulo, n'kuyesa kupinda m'mphepete mwake. Inathetheka ngati chigoba cha dzira.

"Mng'alu uja tikanaukonza," anatero. "Izi ndiye ayi. Guluu walowa m'pepala, sangatulukenso. Woyenera unalibe?"

"Ndinalibe, amalume."

"Nanga pakamwa unalibenso?"



Koni ya mtundu umenewo sipezekanso. Tinaitanitsa ina yofanana nayo kukula, ndipo itafika amalume anati ndiike ndekha, iwo akuyang'ana. Ndinapala guluu wouma uja pachitsulo ndi lumo mpaka zala zinatuluka matuza. Koyilo ndinaimata ndi wosakaniza, mkombero ndi wakuda, n'kusiya kuti ziume mmene zifunira. Masiku onsewo njira yodutsa kumsika ndinkaizemba, chifukwa anyamata ena anali atayamba kundiitana kuti adokotala.

Sipika itatha, ndinaiperekeza ndekha ku Mbungo paboti. Ndinagwada pakhonde la a Yohana n'kuwauza kuti cholakwa chinali changa, osati ukalamba wa sipika.

"Ndinkadziwa, mwanangu," anatero. "Ndinaona kunyezimira kwa guluuyo m'mawa uja anyamata atangofika nayo. Ndinangoti mwina itifikitsa kumapeto."

Tinalumikiza mawaya. Anamvetsera nyimbo yonse atatsinzina, manja ali pandodo. Itatha anagwedeza mutu.

"Ikulira bwino," anatero. "Koma si Nkhunzi ayi."

Anandithokozabe, anandipatsa chinangwa choti ndikapatse ana, n'kundiperekeza mpaka panjira. Chinangwacho chinandilemera kuposa bokosi limene ndinabwera nalo.

Shopu ija lero ndimayendetsa ndine. Ndisanatsegule chitini chilichonse, ndimayamba ndakankha ndi chala malo ofuna kumatawo. Ngati pamagwedezeka, guluu wake akhale wofewa. Ngati pamatentha, nditenga wosakaniza. Ngati ndi pepala, woyera, ndipo mwini wake abwere mawa. Guluu woyenera akasowa ndimanena pomwepo, pamaso pa mwini katundu, kaya pakhomo pali anthu oseka ochuluka bwanji. Ena amakwiya, amati apita nayo kwina sipika yawo. Ndimawathandiza kuitukula, n'kuwasenzetsa.