Alamu Anga ndi Bakha wa Chipewa Chofiira

Asisi anga, amene ndinapondana nawo, anayamba kale ntchito yochapa ku hotela, ine ndisanakwatiwe n'komwe. Malo awo ali pansi penipeni pa nyumbayo, kumene alendo safikako: chipinda chopanda zenera, makina ochapira akulindima, nthunzi ili tolotolo. Amalandira nsalu zoyala pabedi, kuziponya m'makina, kuzisita, kuzipinda, mawa n'kuzilandiranso zomwezo zitada. Manja awo anasupuka ndi sopo, ndipo mphete ya ukwati anaivula chala chitayamba kutupa. Si munthu wodandaula. Ukawafunsa kuti muli bwanji amangoti, "Tadzuka," ngati kuti kudzukako ndiye ntchito yaikulu imene agwira tsikulo.

Amuna awo, alamu anga, anali dalaivala wa basi. Anzawo ankawatcha a Hutala chifukwa mawu awo ankafika pa siteji basi isanatulukire. Ine ndi iwo sitinkakumana osanyozana. Iwo ankati madiresi amene ndimasoka amaoneka ngati matumba a simenti, ine ndinkati basi yawo imayendera mapemphero a okwera. Asisi ankangotiyang'ana n'kunena kuti tonse awiri tikanabadwa opanda pakamwa, dziko likanapuma.

Mwana ali naye mmodzi, wamwamuna, wogwira ntchito ya mu ofesi ku mzinda wina wakutali. Ine ndimamutcha Wamataye, chifukwa ngakhale pobwera kudzaona makolo ake amamanga taye. Nthawi ina iye ndi mkazi wake atatanganidwa ndi maphunziro, anadzasiya kamwana kawo kakakazi kwa agogo ake. Kamwanako ndi kamene kanalowetsa bakha m'nyumba muja. M'mawa uliwonse pa tivi pankabwera pulogalamu ya ana, ya chidole cha bakha wovala chipewa chofiira. Bakhayo ankaimba nyimbo zophunzitsa ana kuwerenga zala, kusamba m'manja, kupempha chinthu mwaulemu, ndi zina zotero. Alamu ankadana naye kwabasi.

"Bakha ameneyu tsiku lina ndidzamuwotcha ndithu," ankatero akumanga zingwe za nsapato. "Munthu wamkulu ndi ndevu zake kulowetsa dzanja m'chidole, n'kumaphunzitsa ana a eni kupita kuchimbudzi! Makolo awo ali kuti?"

Koma sankazimitsa tivi, poopa kuti kamdzukulu kalira. Kamwanako katakula pang'ono kanabwerera kwa makolo ake, bakha uja n'kuiwalika.

Sitiroko inawagwira alamu ali pa depoti akumwa tiyi, mwamwayi osati ali pa chiwongolero. Anatuluka m'chipatala mbali ya kumanja itafa, dzanja lili lende, mwendo wochita kukoka. Choipitsitsa, mawu anapita. Nzeru zinalipo zonse, maso ankaonetsa, koma akati ayankhule chinkatuluka ndi "ta, ta, ta" basi. Akafuna madzi, ta, ta, ta. Akafuna chimbudzi, ta, ta, ta yemweyo. Iwe n'kuthamanga ndi kapu ya madzi pamene iwo akufuna chimbudzi, ndipo pofika pozindikira, zachitika kale. Zikatero ankatembenukira kukhoma, osadya tsiku lonse. Munthu amene ankakalipira basi yonse yodzaza n'kukhala chete, tsopano ankalephera kuuza mkazi wake kuti wapanikizika.

Asisi sakanasiya ntchito, ndiye ine ndinasamutsira makina anga osokera pa balaza pawo kuti ndiziwayang'anira alamu masana. Ndi mmene ndinaonera moyo wa asisi ndi maso angawa. Kuntchito kuchapa, kunyumba kuchapa. Chingwe cha kuseri kwa nyumba sichinkauma. Ankafika madzulo, kukhala pa mpando wa pakhomo osavula nsapato, n'kumangoyang'ana beseni la zofunda limene likuwadikira. Tsiku lina ndinawapeza atagona ali chiimire, atatsamira chitseko cha kukhitchini, supuni ili m'manja. Ndinawamvera chisoni mpaka ndinawapsera mtima, sindikudziwa chifukwa chake.

Wamataye ataona mmene amayi ake anaondera, anabwera ndi maganizo ake. Anati wapeza malo pa nyumba ina yosamalira odwala kufupi ndi kumene amakhala, ndipo akufuna kuwatengera bambo ake kumeneko.

"Amayi, mufa ndinu, bambo akadali moyo," anatero. Ndipo ngakhale mwanayo amanditopetsa ndi mataye akewo, apa sananame.

"Kumeneko akawamva ndani?" anatero asisi. "Ine amene ndagona nawo chipinda chimodzi zaka zonsezi ndikulephera kuwamva. Nanga mlendo? Akangowaika pakona ngati katundu."

Anakangana mpaka anagwirizana chimodzi. Wamataye adzabweranso akatenga tchuthi. Akadzapeza kuti bambo ake sakuthabe kunena chimene akufuna, adzawatenga, ndipo amayi ake asadzatsutse. Asisi anavomera chifukwa analibe mphamvu zopitiriza mkangano.

M'mawa wina ndinayatsa tivi, kungofuna kuti m'nyumba mumveke mawu ena osati ta, ta, ta. Ndinadabwa kuona kuti bakha uja akadalipo, chipewa chake chomwe chija. Ankaimba nyimbo yophunzitsa ana kupempha madzi. Ine ndinali kalikiliki kusoka mpendero wa siketi, ndipo kumbuyo kwanga kunamveka mawu aakulu, okhuthala, amene ndinali nditawaiwala:

"Ludzu, ludzu, ndipatseniko madzi,
Kapu ndilandira ndi manja awiri."

Ndinadzibaya ndi singano. Mawu onse anatuluka bwinobwino, osaphonya ndi limodzi lomwe.

"Alamu! Mwati chiyani?"

"Ta, ta, ta," anatero, iwonso maso ali tong'o ngati aona mzukwa.

Ndinayambitsa nyimboyo ndekha, ndi mawu anga a chule awa, ndipo iwo anailandira n'kuimaliza. Ndinawapatsa madzi. Anamwa, n'kulira, inenso n'kulira, siketi ya mwini wake ili pansi.

Titapita nawo ku chipatala, mtsikana wophunzitsa odwala kuyankhula sanadabwe kwenikweni. Anati zimachitika kwa ena. Anawafotokozera alamu m'chiyankhulo chawo cha pamsewu, kuti kuyankhula ndi kuimba zili ngati misewu iwiri m'mutu. Ngozi yatseka umodzi, koma winawo magalimoto akudutsabe. Anati tiyese nyimbo zimene amazidziwa bwino. Tinayesa za kutchalitchi, koma munthu amene ankayendetsa basi Lamulungu lililonse akanazidziwira kuti? Za pa wailesi ankangoziimbira mluzu, mawu ake sankawasamala. Zimene zinakhazikika m'mutu mwawo, mawu ndi mawu, zinali za bakha yemwe ankafuna kumuwotcha uja.

Ndiye tinayamba kukhala moyo wa nyimbo za ana. Akamva ludzu, ankaimba ya madzi. Kukazizira panali ina yoti, "Mphepo yabwera, juzi ili kuti?" Thupi likawawa panali yoti, "Pakupweteka pati? Usangolira, loza ndi chala, uza wamkulu," ndipo akaimba ankalozadi. Ine ndinayambiranso kuwanyoza. Ndinkati, "Alamu, sukulu ya mkaka mwaiyamba mochedwa, koma mukukhoza." Iwo ankandiopseza ndi chibakera cha kumanzere, pakamwa patapotoka ndi kuseka.

Yovuta inali ya kuchimbudzi. Nyimbo yake imati, "M'mimba mwagogoda, ndani? ndani? Thamanga msanga, usachite manyazi." Alamu anaikana kwamtuwagalu. Ankalolera kudziipitsira kusiyana n'kuti mawu amenewo atuluke m'kamwa mwawo. Tsiku lina asisi anafika kuchokera kuntchito, n'kupeza zofunda zina m'beseni. Sanakalipe. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwaonetsa amuna awo manja awo osupuka aja.

"Bambo ake mwana, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindingakumvereni m'mimba mwanu. Ndatopa, bambo. Manyazi anuwo akuthera m'manja mwangamu."

M'mawa mwake anaimba, maso atatseka, nkhope italoza kukhoma. Kuyambira pamenepo chingwe cha kuseri chinayamba kupuma. Sikuti ntchito inatha ayi, inangosamuka: inachoka m'manja mwa asisi n'kupita kumsana, chifukwa tsopano ankayenera kuwadzutsa ndi kuwayendetsa nthawi iliyonse nyimbo ikamveka, usana kapena usiku. Koma munthu anabwerera m'nyumba muja. Panali lamulo limodzi lokha limene alamu anaika popanda kulinena: ankaimbira ife awiri basi. Kukabwera mlendo, ngakhale mnzawo wa ku depoti, ankabwerera ku ta, ta, ta. Ife tinalizolowera lamulolo moti sitinaganize kuti mwana wawo yemwe angakhalenso mlendo.

Wamataye anafika ndi galimoto yobwereka, njinga ya olumala itapindidwa kumbuyo. Asisi anali atamuuza kale pa foni kuti bambo ake tsopano amanena zofuna zawo, koma sanafotokoze kuti amanena bwanji. Atakhala pansi, anamufotokozera. Iye anakweza nsidze.

"Bambo, tamuonetsani mwanayu," anatero asisi. "Imbani ya madzi ija."

Alamu anayang'ana pansi, duu.

"Ya juzi bwanji? Bambo, chonde."

Zii. Asisi anayamba kuimba okha akuwomba m'manja, inenso ndinalowerera. Tangoganizani amayi awiri a imvi, ataima pa balaza, akuimba za ludzu ndi kapu kwa bambo wamkulu amene wangoti ndwii kuyang'ana masilipasi ake. Ndinaona nkhope ya Wamataye ikusintha.

"Basi, amayi! Anti, basi!" anakuwa. "Bambo anga mwawasandutsa chidole? Munthu amene anandilera ine, muzimuimbitsa nyimbo za ana a matewera? Taonani mmene mwawachititsira manyazi. Tinapangana, amayi. Ndikukalongedza."

Analowa kuchipinda, ndipo tinamva akutsekula madilowa. Asisi anapita kukhitchini, ine pambuyo. Ndinkaganiza kuti ndikawapeza akulira, koma anangoima atagwira sinki ndi manja onse awiri.

"Mng'ono wanga, ndikuuze zoona?" anatero motsitsa mawu. "Pamene anakana kuimba paja, mtima wina unati bola. Unati apite, ndigoneko tulo tsiku limodzi mpaka kucha. Kodi ndine mfiti?"

"Si ufiti umenewo, asisi. Ndi kutopa."

"Koma akapita ndidzafikira kwa ndani? Ndikufuna apite, ndikufunanso atsale. Zonse ziwiri ndi zoona."

Ine wa pakamwa ine, ndinangotola mbale yotsuka kale n'kuyamba kuitsukanso.

Kenako tinamva chikwama chikuikidwa pansi pa balaza, ndi mawu a Wamataye akuti, "Tiyeni bambo, ndigwireni m'khosi." Tinatuluka. Mwanayo anali atawerama kuti awanyamule. Koma alamu anali atagwira mkono wa mpando ndi dzanja lawo lamoyo lija, mitsempha ili tototo. Anadzutsa mutu, n'kumuyang'ana mwana wawo m'maso, ndipo anatsekula pakamwa. Sanaimbe monong'ona ngati mmene ankatiimbira ife. Anatulutsa mawu onse a a Hutala, oti anamveka mpaka kumsewu:

"Mlendo, mlendo, zikomo pobwera,
Tenga chipewa, dzuwa lapendeka.
Iwe pita bwino, ife tatsala,
Ukafike, ukapereke moni."

Inali nyimbo imene bakha amaphunzitsira ana kutsanzikana ndi mlendo. Ife sitinaimbepo nawo imeneyo, ndipo sitinkadziwa kuti ili m'mutu mwawo. Anaisankha okha. Atamaliza anasiya mpando, n'kuloza chitseko, kenako n'kumubayibitsa mwana wawo monga amachitira ana.

Wamataye anakhala pansi penipeni, pa simenti. Anayamba ngati akuseka, kenako anabisa nkhope pa bondo la bambo ake, mapewa akugwedezeka. Alamu anamusisita m'mutu. Patapita nthawi mwanayo anadzuka, n'kubweza chikwama kuchipinda, ndipo tinamva madilowa akutsekukanso. Njinga ija anaitsitsa n'kutisiyira. Ananyamuka tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, atawapempha amayi ake kuti zikadzawakulira adzanene. Iwo anangogwedeza mutu.

Galimoto itakhota pakona, ndinati, "Mwapambana, asisi."

"Eya," anatero. Sanamwetulire. Anaima pakhomo kanthawi, dzanja lili m'chiuno pamene pamawawa, akuyang'ana msewu wopanda kanthu. Kenako analowa, n'kupita pa mpando wa amuna awo. Inali nthawi yowasambitsa, ndipo mawa lake asisi anali olowa ntchito m'mamawa. Anawerama, n'kulowetsa phewa lawo m'khwapa mwa alamu.

"Mwatsala, bambo, tamva tonse," anatero. "Ndiye pondani pansi mwamphamvu mundithandize. Ndilibe msana wina."