A Kapatuka ndi Bulogu Yawo

Pasukulu ya sekondale yoyendera ija ili m'mbali mwa msewu wafumbi wochokera ku Ludzi, palibe amene sadziwa a Jobson Kapatuka. Anaphunzitsa Chichewa pamenepo zaka makumi awiri ndi mphambu zitatu. Anali aatali, owonda, okonda jekete ngakhale mu Okutobala, ndipo akayamba kulankhula za maphunziro, aphunzitsi anzawo ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi makope oti akachonge.

Anabadwira ku Guilleme, m'banja la kalipentala. Ali mu Sitandade 5 anatchuka m'mudzi chifukwa cha kulemba makalata. Amuna ambiri nthawi imeneyo anali kumafamu ndi kumigodi ku Zambia, ndipo akazi awo ankabwera kwa Jobson ndi pepala lothothola m'kope. Mayi wina, atamva kalata yake ikuwerengedwa, anati, "Ayi mwanawe, fufuta. Akamva choncho aganiza kuti ndakwiya. Lemba kuti denga likudontha basi, enawo amva okha." Jobson sanaiwale tsiku limenelo. Anazindikira kuti munthu amasankha mawu mosamala pokhapokha ngati kutsidyako kuli wina amene akuwadikira.

Nzeru yawo yonse ya uphunzitsi inachokera pamenepo. Ankati mwana wolembera mphunzitsi yekha amalemba ngati wolima m'munda wa chibalo: angomaliza mzere kuti amusiye. "Kulemba popanda wokuwerenga," ankatero atakweza chala, "kuli ngati kuvinira kuseri kwa nkhokwe." Cholembera chofiira ankadana nacho. Ankachonga ndi pensulo, ati kuti mwana asaone ngati kope lake lavulala.

Poyamba anayesa kumata zimangirizo za ana pakhoma la Fomu 4 kuti sukulu yonse iziwerenga. Mvula yoyamba inachapa theka. Atazisamutsira pakhonde, mbuzi za m'mudzi woyandikana nawo zinamaliza zotsalazo, ndipo aphunzitsi a masamu anawatonthoza kuti asadandaule, owerenga apezeka, kungoti ndi amiyendo inayi.

Zinthu zinasintha mu 2019, pamene mwana wawo Shalom, namwino ku Lilongwe, anawabweretsera foni yamakono. Anawaonetsa kuti munthu atha kutsegula tsamba lakelake pa intaneti, lotchedwa bulogu, n'kumaikapo zolemba kuti aliyense padziko awerenge. A Kapatuka anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Ukuti aliyense? Ngakhale wa ku Chipata?"

"Ngakhale wa ku Japani, ababa."

"Ndipo mbuzi sizingafikeko?"

Netiweki pasukulupo inkagwira bwino pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira. Ndiye nthawi yopuma ikakwana, a Kapatuka ankaoneka ali njo pamwamba pa chulu, jekete ikukupiza ndi mphepo, foni ili m'mwamba ngati akudalitsa munda wa fodya. Nthawi zina foniyo inkakoka netiweki ya tsidya lina n'kuwalandira ku Zambia. Pobwerera ankauza anzawo kuti angofika kumene kuchokera kunja, ndipo palibe wawafunsa pasipoti.

Nkhani yoyamba kuikidwa pabulogupo inali yawo yomwe, mutu wake "Maphunziro N'chiyani? Gawo Loyamba." Pofika mwezi wachitatu anali atafika gawo la khumi ndi chimodzi. Tsambalo linkaonetsa chiwerengero cha anthu owerenga, ndipo chiwerengerocho sichinkadutsa anayi. Mmodzi anali Shalom. Wina anali iwo eni, pofuna kuona ngati nkhaniyo yalowadi.

"Amayi a Shalom, gawo la dzulo munaliona?" anafunsa akazi awo tsiku lina.

Mayi Esitele anali akusenda mtedza pamkeka. "Ndinaliyamba."

"Munafika pati?"

"Pamene munati 'tisanapite patali.' Ndinaona kuti ulendo ukadalipo, ndiye ndinati ndiyambe ndamwetsa nkhumba."

Mphunzitsi wamkulu, Mayi Benedicta Zulu, nawo anali ndi nkhawa zawo. Anawaitanira mu ofesi.

"A Kapatuka, bulogu yanuyi sindikuiletsa. Koma pamayeso a Fomu 4 palibe funso la bulogu. Makolo akufuna ana akhoze."

"Madamu, mwana akadziwa kuti amalume ake a ku Kamwendo awerenga, adzalemba bwino kuposa kuopa mayeso."

"Nanga mpaka lero mwaikapo za ana angati?"

A Kapatuka anali asanaikepo ngakhale imodzi.

Lolemba lotsatira analengeza malamulo ku Fomu 3. Lachisanu lililonse kalasi izisankha yokha chimangirizo chimodzi choti chipite pabulogu. Dzina la wolemba lizikhala loyamba lokha, ndipo makolo ayambe avomera. Iwo azingokonza kalembedwe ka mawu, koma ganizo la mwana sadzalikhudza. Kenako anapereka mutu: "Munthu Amene Ndimamudziwa Bwino."

"Musalembe zokometsera," anatero. "Lembani zimene maso anu aona. Choonadi chisakuopseni."

M'kalasimo munali Luwiza, mtsikana wofatsa wokhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Mayi ake ankagulitsa mtedza wophika ndi zitumbuwa kwa madalaivala a mathiraki pachipata cha m'malire cha Mwami. Chaka chonse a Kapatuka anali asanamumvepo akuyankha funso mokweza. Lachisanu litafika, ana anawerenga zawo mmodzimmodzi: wina za agogo ake, wina za katekisiti, wina za wosewera mpira wa m'mudzi. Luwiza anaimirira nayamba:

"Munthu amene ndimamudziwa bwino ndi aphunzitsi athu a Chichewa. Amabwera panjinga yolira ngati nkhanga, moti sitifunikira belu. Akanena kuti 'mwachidule,' timadziwa kuti phala la kunyumba tikalipeza litazizira. Amatiuza kuti tizifunsa mafunso, koma ukafunsa amayankha okha mpaka funso lako kuliiwala. Masana akatipatsa ntchito amakhala pampando n'kutseka maso. Amati akusinkhasinkha. Tsiku lina anasinkhasinkha mpaka choko chinagwa m'manja."

Kalasi inaphulika. Anyamata ankamenya madesiki. Pamene a Kapatuka anafunsa, ndi mawu ouma, kuti chimangirizo chopita pabulogu ndi chiti, manja onse anali kale m'mwamba. Mawu otsiriza a Luwiza anamira m'phokosomo, palibe anawamva.

A Kapatuka anapita nalo kunyumba pepalalo. Loweruka lonse anakhala pansi pa mtengo wa mango, pensulo ili kukhutu, akuliyang'ana. Mayi Esitele analitenga n'kuliwerenga mpaka kumapeto osapuma, misozi ya kuseka ikutsika.

"Ameneyu ndiye wakudziwanidi, bambo a Shalom."

"Akunama. Ine sindigona m'kalasi."

"Kutchalitchi mumasinkhasinkhanso chomwecho."

"Ndingochotsako za chokozi. Zikunyozetsa ntchito ya uphunzitsi."

"Chotsani. Koma Lolemba mukawauze anawo kuti lamulo lija linali la anthu ena, osati inu. Komanso mwawerenga mpaka pansi? Kapena mwaimira pamene pakukupwetekani?"

Anali ataimiradi pomwepo. Anavala magalasi n'kuwerenga ndime yotsiriza: "Koma chaka chatha, bambo anga atamwalira, ndinalemba chimangirizo chosokonekera. Sanandilembere kuti ndalephera. Analemba ndi pensulo kuti, 'Ndamva. Ukafuna kupitiriza, ndidzawerenganso.' Pepala limenelo ndimasunga m'Baibulo la amayi."

A Kapatuka anakhosomola, nanena kuti fumbi la mtedza likuwalowa m'maso. Lolemba m'mawa anatumiza uthenga kwa mayi a Luwiza, ndipo atavomera, anakwera pachulu n'kuika nkhani yonse, choko ndi njinga zomwe. Anangokonza mawu awiri.

Zimene zinachitika sanaziyembekeze. Mayi a Luwiza, posadziwa kuwerenga bwino, anapempha kasitomala wawo wina kuti awatsegulire tsambalo pafoni yake. Kasitomalayo anali Vincent, dalaivala wa thiraki amene anali atakhala masiku awiri pamzere kudikira mapepala a katundu, ndipo anali ataphunzirapo kwa a Kapatuka zaka khumi zapitazo. Anawerenga mokweza pakati pa madalaivala anzake, akudzigwira m'mimba, kenako anatumiza nkhaniyo kwa onse amene anaphunzira nawo.

Pofika Lachinayi owerenga anali atadutsa mazana asanu ndi awiri. Ndemanga zinkangogwa ngati mango akupsa. Wina ku Lusaka anafunsa ngati njingayo ikadali yomwe ija ya 2004. Wina ku Blantyre anati m'nthawi yawo chimene chinagwa sichinali choko koma rejisitala. Mayi wina wa ku Kachebere analemba kuti pepala lake la pensulo nayenso akadali nalo. Vincent anangoti, "Aphunzitsi, mwachidule, timakukondani."

A Kapatuka anawerenga zonse ataima pachulupo mpaka belu linalira kawiri. Polowa m'chipinda cha aphunzitsi anayesa kuoneka ngati munthu amene wapambana mtsutso.

"Mwaona, Madamu? Owerenga mazana asanu ndi awiri."

"Ndaona," anatero Mayi Zulu. "Nanga gawo la khumi ndi chimodzi lija lafika angati?"

"Asanu."

"Akwera ndithu."

Kuyambira pamenepo ana ankalimbirana Lachisanu. Analemba za kusankha mbewu ya mtedza, za kabaza wodutsa malire m'tinjira ta kumunda, za mlatho umene unkawalepheretsa kubwera kusukulu mu Febuluwale. Ankafunsana okha kalembedwe ka mawu, poopa kuti achibale a kutali awaseka. Luwiza, amene kale sankatsegula pakamwa, anasanduka wotsutsa wamkulu wa zolemba za anzake, ndipo Chichewa anakhoza bwino koposa onse pamayeso a Fomu 4. Mayi Zulu sanavomere poyera kuti bulogu inathandiza. Anangolamula kuti udzu wa pachulu uzitchetchedwa, kuopa njoka.

A Kapatuka anapuma pantchito chaka chatha. Pamwambo wotsanzikana, atalankhula mwachidule kwa ola limodzi ndi mphindi khumi, panatsala nkhani imodzi: mawu achinsinsi otsegulira bulogu. Mphunzitsi wachitsikana amene anatenga malo awo, Mayi Linda Tembo, anali atawapempha milungu itatu, iwo akungozengereza. Tsikulo Mayi Zulu anawapanikiza pamaso pa anthu onse. A Kapatuka analemba pakapepala, anakapinda kanayi, nakapereka akuyang'ana kumbali.

Mayi Tembo, posaganiza kanthu, anatambasula n'kuwerenga mokweza kuti atsimikize: "Esitele-wanga-wokongola. Zonse zilembo zazing'ono, aphunzitsi?"

Anthu anafa nacho chiseko. A Kapatuka anayamba kufufuza chinachake m'thumba la jekete chimene munalibe. Mayi Esitele, atakhala kutsogolo ndi chitenje chawo chatsopano, anagwira pakamwa, kenako anapukusa mutu.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndili nawo m'nyumba," anatero, "sanandiuzepo ngakhale kamodzi. Kani ankauza foni."