Kudzutsa Bambo

Kwathu ku Area 25 kunali lamulo limodzi lomwe amayi sankanyengerera nalo: munthu akagona, osamugwedeza. Umayamba waima pakhomo, kutsokomola pang'ono, kenako kuitana motsitsa mawu. Ankati munthu akagona mzimu wake umapita koyenda, ndiye ukamudzidzimutsa, thupi limadzuka mwini wake asanabwerere.

Bambo ankagwira ntchito yausiku ku fodya ku Kanengo, choncho ankagona masana. Ine nditangolemba mayeso a Fomu 4, mutu unandikulira. Ndinkawauza amayi kuti munthu ndi ubongo basi, ndipo maloto ndi ubongo womwewo ukusesa zinyalala zake. Amayi ankangondiyang'ana, n'kupitiriza kusita zovala. Bambo ndiwo ankasangalala nazo zedi. Ankanditchula kuti apulofesa, ndipo akadzuka ankandiuza kuti anali kwawo ku Ntcheu, kukumba kachewere. Ndikafunsa kuti nanga mbatatayo ili kuti, ankati mzimu ulibe matumba.

Chaka china, msika wa fodya utangotsekedwa, bambo anagwa kubafa. Adokotala anati ndi sitiroko. Bambo anabwera kunyumba kuchokera kuchipatala ndi nkhope yomweija, ndevu zomwezija, koma ankatiyang'ana ngati anthu ongokwera nawo minibasi. Mantha anandigwira. Ngati munthu ndi ubongo basi, ndiye kuti bambo anga anali atatha, ife tikungomwetsa phala thupi lawo. Sindinauze aliyense zimenezi, koma zinkandidya mumtima.

Amayi analibe nazo nthawi zoterozo. Ankati bambo angopita kutali, ndipo wochokera ku Ntcheu wapansi safika lero lomwe. Tsiku ndi tsiku ankaima pakhomo paja, kutsokomola, kuitana. Bambo ankadzuka, n'kungowayang'ana.

Tsiku lina masana amayi anapita kuchigayo, n'kundisiyira ntchito yodzutsa bambo kuti amwe mankhwala. Ndinalowa ndi kapu yamadzi, ndipo ndinatsala pang'ono kuwagwira paphewa. Sindikudziwa chinandibweza n'chiyani. Ndinabwerera pakhomo, ndikuchita manyazi ngakhale panalibe wondiona, n'kutsokomola monga amayi. Ndinaitana, kuli zii. Ndinadikira, n'kuitananso.

Anatsegula maso pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Pakamwa panali popotoka, ndipo mawu anatuluka movutikira.

"Apulofesa," anatero, "mwaphunzira kudzutsa anthu."

Madzi aja anatayikira pa siketi yanga. Panali zambiri zoti ndinene, koma chimene chinatuluka ndi funso langa lakale lija, misozi ili mbwembwembwe.

"Nanga mbatata ili kuti, bambo?"

Anakweza dzanja lomwe linkagwirabe ntchito, n'kupapasa pachifuwa pa malaya awo ogonera, omwe analibe thumba. Kenako anandiyang'ana, n'kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.