Sheleni ya Timipata Titatu

Thonje litakanika chaka chachiwiri ku Rivirivi, ndinagulitsa njinga n'kunena kuti basi, ndikupita ku Joni. Amayi sanandiletse. Anamasula mfundo ya pachitenje n'kundipatsa sheleni ya nthawi ya atsamunda, ya timipata titatu m'mphepete. "Ubwere nayo," anatero. Ine maso anali kumsewu, kuopa kuti minibasi indisiya.

Ku Durban ndinapeza ganyu yosesa m'sitolo ya mmwenye wina wokalamba, wogula ndalama zakale. Malipiro ankathera lendi, moti foni yakumudzi ikalira ndinkangoiyang'ana mpaka isiye. Ndinkasungulumwa koopsa. Pofuna kuti tsiku lithe, ndinkaima kumbuyo kwa bwanayo akamaunika ndalama pagalasi lokulitsira. Anandiphunzitsa kuti ndalama yomwe inalakwika poisula kufakitale, azungu amailimbirana. Chilema chotero chimakhala chosalala, mtundu wake umodzimodzi ndi ndalama yonse. Koma ikavulazidwa m'manja mwa anthu, chitsulo chimatukuka m'mbali mwa balalo, ndipo mtengo palibe.

Ndinakumbukira timipata tija. Ndinatulutsa sheleni ija, m'mutu nditafolera kale nyumba ya amayi ndi malata. Bwanayo sanathe nayo ndi mphindi yomwe.

"Uwu ndi mpeni," anatero. "Wina anasowa chochita."

Ndi mkwiyo ndinaiponya m'chitini cha ndalama zowonongeka, zomwe ankagulitsa pa kilo kwa osungunula zitsulo.

Ndinabwerera patatha zaka zinayi, ndi chikwama chimodzi. Odzandilonjera atangobalalika, amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpeni wa malemu bambo.

"Saidi, bweretsa sheleni ija udulepo pako."

"Ndidulepo chiyani, amayi?"

"Kampata koyamba anadula agogo ako atabwera kumigodi. Kachiwiri amalume ako. Kachitatu bambo ako, pochokera ku Halale. Onse anapita nayo, onse anabwera nayo."

Ndinayamba kufotokoza za chitsulo chotukuka ndi chitini chija. Amayi anapukuta mpeniwo, ngakhale unalibe dothi, n'kukaubwezera m'nyumba. Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndi zomwe zikundiwawa.

Mpaka lero sindikhazikika pakhomo. Ndazungulira misika ya Balaka ndi Machinga kufunsa sheleni yakale, koma ndikaipeza ndidzadula ndekha timipata tonse, ndipo maso angawa adzadziwa kuti n'tatsopano.

Mng'ono wanga Yusufu, bambo wa ana awiri, wanyamuka dzulo kupita ku Joni. Potsanzikana, amayi anamasula mfundo ya pachitenje mwachizolowezi. Anaiyang'ana, n'kuimanganso ilibe kanthu.