Kanyama Koyera ka Agogo Nabanda

Ndikakumbukira agogo Nabanda, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la dothi lonyowa, lija ankazirira khonde lathu ku komboni ya mgodi kuno ku Bindura, amuna atalowa pansi, fumbi la ku mgodi likutera pa zovala zoyanika. Akamaliza kuzira ankaviika chala m'phulusa n'kulemba pakhoma kanyama koyera kotambasula miyendo, uku akung'ung'udza kanyimbo kamodzimodzi kopanda mawu.

"Agogo, n'chiyani chimenecho?"

"Chili kwathu ku Dedza, m'phanga la Chencherere. Analemba ndi amayi akalekale. Ukadzatha msinkhu ndidzakuuza."

Ine ndinatha msinkhu bambo atalowa tchalitchi. Anakaniza zachinamwali, khoma lija analipaka laimu. Agogo sanakangane nawo. Anangopitiriza kanyimbo kawo, posinja, pochapa, pondipesa tsitsi, mpaka tinawaika m'manda a pamgodi. Ndinakalamba nacho chinthu chimenechi pamtima: anapita osandiuza.

Chaka chatha mdzukulu wanga Tendai, amene Chichewa amangomva koma kuyankha amayankha m'Chishona, anandikweza basi. Tinadutsa ku Tete, kutentha ngati m'ng'anjo, ine mapazi atatupa. Titafika ku Dedza, paphiri la Chencherere ndinakwera chokwawa.

Ndiye ndinakaona! Kanyama kaja, miyendo tambasu, pakati pa tinzake tambirimbiri, pamwala wakuda ndi utsi. Ndinakhala pansi. Kukaona ndinakaona, nanga wondiuza ndani?

Panali mayi wina wachikulire wa m'mudzi wapafupi, anatula nkhuni zake kuti apume. Tinalonjerana, ndinamuuza kumene ndachokera. Kenako, ine osadziwa, ndinali nditayamba kung'ung'udza kanyimbo kaja.

"Mayi, inu mwati ndinu a ku Halale," anatero. "Nyimbo imeneyo anakuvinirani ndani?"

"Sanandivinire. Ndi ya agogo anga."

Anaseka mpaka kuwomba m'manja. "Ndiye mukufunanso chiyani? Iwe mtsikana, tapita uko."

Tendai atasuntha, anandinong'oneza mawu ake a nyimboyo. Ndi ochepa. Ndipo zonse zili m'menemo agogo anali atandiphunzitsa kale, posinja paja, pochapa paja, osatchula kuti ndi mwambo, bambo ali pomwepo akuwerenga Baibulo lawo.

Mawuwo sindingakuuzeni, si a pabwalo. Koma Loweruka lililonse ndimazira khonde langa, ngakhale ana amati simenti ilipo. Tendai amabwera, amakhala pambali ndi foni yake. Dzana ndinamumva akung'ung'udza.